Soya wina ali ndi timibulu pa mizu, wina alibe: kodi nkhani ili mu mbewu kapena m'nthaka?

aTembo, Chadiza

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha amene anaphunzira za mbewu kuti andiunikire pa nkhani imene yatisokoneza m'kopaletivu yathu. Alimi awiri omwe minda yawo yagundana malire anabzala soya sabata imodzi mu Disembala, panthaka yofanana ya katondo imene zaka zonsezi inkalimidwa chimanga chokhachokha, ndipo onse awiri sanasakanize mbewu yawo ndi inokulanti, ufa uja wa mabakiteriya umene amapaka mbewu pobzala. Woyamba anabzala mbewu ya Kafue, pamene wachiwiri anabzala mbewu yopanda dzina imene anagula pamsika yoyeza pa meda.

Soya atayamba kuchita maluwa tinakumba mapando angapo m'minda yonse iwiri. Mizu ya Kafue inali ndi timibulu tambiri tozungulira, tochuluka kwambiri pafupi ndi tsinde, ndipo titaphwanya tina ndi chikhadabo tinapeza mkati muli mofiirira. M'munda winawo mizu inali yosalala, kambulu kamodzi apa kena uko, ndipo masamba anali atayamba chikasu kuchokera m'munsi.

Chinanso chimene chinatidabwitsa chili m'munda wa Kafue womwewo. Mizere yakumtunda, imene yagundana ndi munda wa chimanga chothiridwa Urea, soya wake ndi wamtali komanso wobiriwira kuposa yense, koma ndiye amene ali ndi timibulu tochepa. Akuluakulu ena akuti nthaka ndiyo imapereka timibulu, ena akuti n'chibadwa cha mbewu. Kodi zoona zake n'ziti, nanga fataleza amene timati ndi chakudya cha mbewu akuchepetsa bwanji timibuluti?

aPhiri, Chipata

Bambo Tembo, akuluakulu anu onse akunena zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi, chifukwa kambulu kalikonse kamapangidwa ndi zamoyo ziwiri, soya ndi bakiteriya wa m'nthaka, ndipo aliyense wa iwo ali ndi majini ake, omwe ndi malangizo a chibadwa a m'maselo ake, amene ayenera kugwirizana ndi a mnzake kambuluko kasanayambe n'komwe.

Mumpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, koma palibe chomera chimene chingathe kumugwiritsa ntchito mmene alilimo. Amene amatha kumusandutsa chakudya cha mbewu ndi mabakiteriya, ndipo kwa soya odziwika kwambiri ndi a mtundu wa Bradyrhizobium. Zoti mbewu za mtundu wa nyemba zimapeza nayitrojeni kudzera m'timibulu zinatsimikizidwa ku Germany ndi Hellriegel ndi Wilfarth m'chaka cha 1886, ndipo mu 1888 Beijerinck wa ku Netherlands anapatula mabakiteriyawo n'kuwameretsa paokha. Koma mmene awiriwa amazindikirana m'nthaka modzaza tizilombo tamitundumitundu zinadzadziwika patapita zaka pafupifupi 100.

Amene amayamba kuitana ndi soya. Akasowa nayitrojeni, mizu yake imatulutsa timankhwala tiwiri totchedwa genistein ndi daidzein. Bakiteriya woyenera ali ndi puloteni yotchedwa NodD imene imazindikira timankhwalati, ndipo ikatizindikira imadzutsa majini ake a nodA, nodB ndi nodC, omwe amapanga yankho lotchedwa Nod factor. Kapangidwe ka yankho limeneli kanadziwika mu 1990 ku Toulouse m'dziko la France, ndipo chofunika kwa ife n'chakuti mtundu uliwonse wa mabakiteriya umapanga Nod factor yosiyana pang'ono ndi ya unzake. Pa tiubweya ta mizu pali mapuloteni awiri, NFR1 ndi NFR5, amene ntchito yawo ndi kulandira yankholo. Majini ake anapezedwa mu 2003 ku Aarhus m'dziko la Denmark pa kachomera kotchedwa Lotus japonicus, kenako anapezekanso mu soya. Yankho likakhala loyenera, kaubweya kamapindika n'kumutsekera bakiteriya mkati, kenako chomera chimamukonzera kanjira kolowera m'kati mwa muzu, ndipo jini lotchedwa NIN limalamula maselo a muzuwo kuti ayambe kugawikana n'kupanga kambulu. Kambuluko tsono ndi mnofu wa soya weniweni, womangidwa ndi majini a soya, ndipo bakiteriya amangokhalamo.

Umboni woti chibadwa cha mbewu chili ndi mphamvu pa nkhaniyi ndi wakale ndithu. Mu 1954 ku America anapeza soya amene sankapanga timibulu ngakhale atamuthira mabakiteriya ochuluka motani, ndipo khalidwe limeneli linkapita kwa ana ake ngati mmene mtundu wa maluwa umapitira. Jini lake analitcha rj1, ndipo patapita zaka zambiri zinadziwika kuti ndi jini la NFR1 lomwe lija, koma lowonongeka, moti muzu sukumva kuti pakhomo pali woyankha.

Tsopano tibwere ku minda yanu. Kwawo kwa soya ndi ku China ndi mayiko oyandikana nako, ndipo mitundu yambiri yamalonda inachokera ku mbewu zimene zinakonzedwa ku America, komwe inazolowera kugwirizana ndi mabakiteriya ochepa okha, omwe m'nthaka yathu sapezeka pokhapokha munthu atawabweretsa. Nthaka yathu ili nawo ma Bradyrhizobium akeake, amene amagwira ntchito pa nsawa ndi khobwe, koma soya wosankha sawalola. Pofuna kuthandiza mlimi amene sangapeze inokulanti, bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA ku Ibadan m'dziko la Nigeria linayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kukwatitsa mitundu yobereka kwambiri ndi mitundu ya ku Asia yosasankha mabakiteriya, ndipo mbewu zochokera pa ntchitoyi zimadziwika ndi zilembo za TGx. Kafue wanuyo ndi TGx 1740-2F, yemwe anzathu a ku Malawi, kutsidya kwa Mwami, amamutcha Tikolore. Kuno kwathu tinalinso ndi Magoye, mbewu yosasankha imene inasankhidwa m'Zambia momwemuno. Mmene mwafotokozera, mbewu ya pamsika ija ikuoneka kuti ndi ya mitundu yosankha, ndipo inagwera m'nthaka imene soya sanalimidwemo.

Pali mbali ina imene ine imandichititsa chidwi kuposa zonsezi. Soya wina samangolephera kumva bakiteriya, koma amachita kumukana dala. Majini a Rj2, Rj3, Rj4 ndi Rfg1 amatsekera kunja magulu ena a mabakiteriya ngakhale Nod factor yawo ili yoyenera. Mu 2010 ofufuza a ku yunivesite ya Kentucky anaonetsa kuti Rj2 ndi Rfg1 ndi a banja limodzi ndi majini amene zomera zimadzitetezera nawo ku matenda, kutanthauza kuti soya amamuona bakiteriya wotereyo ngati mdani n'kutseka njira. Munthu angaganize kuti kukana kumeneku ndi chilema, koma si nthawi zonse. Rj4 amakana magulu ambiri a Bradyrhizobium elkanii, omwe ena mwa iwo amapereka nayitrojeni wochepa ndiponso amatulutsa poizoni wochititsa masamba chikasu, moti mbewu yokhala ndi jini limeneli imasungira malo mabakiteriya abwino.

Ndichenjeze chinthu chimodzi, chifukwa ndamva ena akunena kuti wobzala Kafue alibe ntchito ndi inokulanti. Kusasankha kumatanthauza kuti mbewu imalandira amene yamupeza, wakhama kapena waulesi, ndipo mabakiteriya a m'nthaka yathu amasiyana kuchuluka ndi mphamvu kuchokera munda uno kupita munda uwo. Gulu la mabakiteriya lotchedwa USDA 110, lomwe limaikidwa mu inokulanti m'mayiko ambiri, linasankhidwa chifukwa chogwira ntchito kwambiri. Paketi ya inokulanti mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi thumba la fataleza, choncho ine ndingathire ngakhale pa mbewu yosasankha.

Mayi Zulu, Katete

Zikomo aPhiri chifukwa cha kufotokoza kwatsatanetsatane, koma ndikuopa kuti Bambo Tembo akauza anzawo kuti vuto lonse lili mu mbewu, pomwe nthawi zambiri majini amakhala ali bwinobwino ndipo chimene chaphonyeka chili m'manja mwathu. Ine ndimachulukitsa mbewu ya soya ndi gulu la amayi, ndipo ndaonapo minda ya mbewu yovomerezeka, yothiridwa inokulanti, koma mizu yake ili mbee.

Inokulanti ndi chinthu chamoyo. Ufa wakuda uja ukakhala pa shelefu yowombedwa ndi dzuwa la Okutobala, kapena ukayenda tsiku lonse pa kaliyala ya njinga, mabakiteriya ambiri amafa, ndipo mlimi amathira ufa wopanda kanthu. Ife timayang'ana tsiku lothera mphamvu pa paketi, timausunga pamalo ozizira pafupi ndi mtsuko wa madzi, ndipo posakaniza timakhala pamthunzi. Timanyowetsa mbewu m'beseni ndi madzi pang'ono osungunulamo shuga, osati mpaka khungu la mbewu litakwinyika, kenako timawaza ufawo n'kutakasa ndi manja mpaka njere iliyonse itada, ndipo timabzala tsiku lomwelo m'dothi lonyowa, n'kukwirira nthawi yomweyo.

Nthaka nayo ili ndi mawu ake. Munda umene wathiridwa fataleza wa chimanga zaka zambiri popanda laimu umakhala ndi asidi wochuluka, ndipo m'nthaka yotere mabakiteriya sachulukana, fosiforasi amamangika, pamene timibulu timafuna fosiforasi wambiri. Amene ali pafupi ndi alangizi afunse za kupimitsa dothi, ndipo a ku Chipata ali ndi mwayi wokhala pafupi ndi siteshoni ya kafukufuku ya Msekera.

Mwachita bwino kukumba ndi khasu, chifukwa amene amazula ndi dzanja amasiya timibulu m'dothi n'kumadandaula kuti mulibe. Komanso m'minda imene munali fodya kapena matimati musasokoneze timibulu ndi zotupa za tinyongolotsi ta m'mizu. Kambulu kenikeni kamakhala pambali pa muzu ndipo kamathothoka mukakakankha ndi chala, pamene chotupa cha nyongolotsi ndi muzu womwewo umene wafufuma, ndipo simungachichotse osaudula.

aTembo, Chadiza

Ndathokoza kwambiri aPhiri ndi inu Mayi Zulu, ndipo zimenezi ndikazifotokoza pa msonkhano wa kopaletivu. Koma funso la Urea lija likadali chiimire, ndipo landibweretsera lina. Ngati akatswiri akuwadziwa majini amenewa mpaka ndi maina awo, n'chifukwa chiyani sakutikonzera soya wokhala ndi timibulu muzu wonse, kuti tizikolola zochuluka ndiponso chimanga cha chaka chotsatira chizipeza chonde chokwanira?

aBanda, Lundazi

Bambo Tembo, ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo mafunso anu awiriwo yankho lake ndi limodzi. Soya wotereyo anapangidwa kale, ndipo chimene chinaoneka n'chakuti timibulu si taulere.

Ntchito yophwanya nayitrojeni wa mumpweya imagwiridwa ndi puloteni yotchedwa nitrogenase, imene imapangidwa ndi majini a bakiteriya a nifH, nifD ndi nifK, ndipo mkati mwake muli ayironi ndi molybdenum. Kuti molekyu imodzi yokha ya nayitrojeni isanduke amoniya pamafunika timapaketi ta mphamvu ta m'selo totchedwa ATP tosachepera 16, ndipo mphamvu yonseyi imachokera ku shuga wopangidwa ndi masamba, yemwe akanatha kupita ku makoko ndi njere. Pali vuto linanso lakuti nitrogenase imawonongeka ikakumana ndi okosijeni, chonsecho bakiteriya amafuna okosijeni yemweyo kuti apume. Soya amathetsa zimenezi popanga, ndi majini ake, puloteni yofiira yotchedwa leghemoglobin, yomwe imagwira okosijeni n'kumamupereka pang'onopang'ono. Inapezedwa ndi Kubo wa ku Japan mu 1939 m'timibulu ta soya, ndipo ndi yapachibale ndi imene imafiiritsa magazi athu. Kufiirira kumene munaona pa chikhadabo chanu ndi kumeneko, ndipo ndi chizindikiro choti kambulu kakugwira ntchito. Koyera mkati n'kosakhwima kapena kopanda phindu, ndipo kobiriwira n'kokalamba.

Popeza mtengo wake ndi wokwera chonchi, soya amawerengera timibulu take. Mu 1985 ku Canberra m'dziko la Australia, Carroll, McNeil ndi Gresshoff anasintha majini a soya wa mtundu wa Bragg ndi mankhwala, ndipo anapeza zomera zimene mizu yake inadzaza timibulu kuyambira kumtunda mpaka kunsonga, ngakhale m'dothi lokhala ndi nayitrojeni wambiri. Zomera zimenezi zinali ndi mizu yaifupi, zinkakula mopinimbira, ndipo pa zokolola sizinapose kholo lawo, chifukwa chakudya chinkathera kudyetsa timibulu. Chodabwitsa chinaoneka atayamba kumezanitsa. Akalumikiza nsonga ya soya wosinthidwayo pa mizu ya soya wamba, mizu wamba ija inkadzaza timibulu, koma akalumikiza nsonga ya soya wamba pa mizu ya wosinthidwa, timibulu tinkakhala tochepa monga mwa nthawi zonse. Apa zinadziwika kuti chiwerengero cha timibulu chimalamulidwa ndi masamba, osati mizu. Jini lake linapezedwa mu 2003 ndi gulu la Gresshoff ku yunivesite ya Queensland, ndipo limatchedwa GmNARK.

Zimayenda motere. Timibulu toyamba tikangoyamba kupangika, muzu umatumiza kumtunda timapuloteni tating'ono totchedwa RIC1 ndi RIC2, todutsa m'mitsempha ya madzi. M'masamba, puloteni ya NARK, yopangidwa ndi jini la GmNARK lija, imatilandira, ndipo masamba amachepetsa kachidutswa ka RNA, kauthenga kochokera ku majini, kotchedwa miR2111 kamene amatumiza kumizu. Kachidutswaka kakachepa, puloteni yotsekereza yotchedwa TML imachuluka m'mizu, ndipo timibulu tatsopano timaleka kupangika. N'chifukwa chake mwapeza tambiri pafupi ndi tsinde, pomwe mabakiteriya anayambira kulowa, ndipo kumunsi n'kochepa.

Urea akalowa m'dothi amasanduka amoniyamu kenako nitrate, ndipo madzi a mvula amamutengera kumunsi, monga ku mizere yanu yogundana ndi chimanga. Muzu ukapeza nitrate wambiri umadzutsa jini lina la banja lomwelo lotchedwa NIC1, limene limagwira ntchito kudzera mwa NARK ya m'muzu momwemo n'kuletsa timibulu. Kuwonjezera apo, timankhwala toitanira tija timachepa, ndipo timibulu tomwe tilipo kale timalandira shuga wochepa. Kwa chomera, kutenga nayitrojeni wopezeka kale m'dothi n'kotchipa kuposa kumanga timibulu ndi kudyetsa mabakiteriya, choncho chimasankha chotchipacho. Wotaya ndi mlimi, amene walipira ndalama pa chinthu chomwe mpweya ukanamupatsa, ndipo nitrate uja akakokoloka pakati pa dzinja, soya amafika nthawi yodzaza makoko, pamene amafuna nayitrojeni wochuluka zedi, ali ndi timibulu tosakwanira.

Kuwerengera kumeneku kumafika mpaka pa kambulu kamodzikamodzi. Mu 2003 Kiers ndi Denison ndi anzawo ku California anaika timibulu tina ta soya mumpweya wopanda nayitrojeni, kuti mabakiteriya a mmenemo alephere kupereka kanthu, ndipo anaona kuti chomera chinachepetsa okosijeni wolowa m'timibulu timeneto, moti mabakiteriya ake anachulukana mocheperapo poyerekeza ndi a m'timibulu togwira ntchito. Ana asukulu ndimawauza kuti zili ngati chikamwini: nyumba ndi nsima amakupatsa, koma apongozi amayang'ana ngati khasu lako likuoneka kumunda.

Pa maganizo anga, okonza mbewu akuchita bwino kusathamangira kuchuluka kwa timibulu. Chofunika ndi mbewu imene imalandira mabakiteriya akhama n'kukana aulesi, ndiponso imene timibulu take timapirira asidi ndi ng'amba. Ntchitoyi inapepuka kuyambira mu 2010 pamene majini onse a soya wa mtundu wa Williams 82 anawerengedwa, pafupifupi 46,000 pa makoromozomu 20, tizingwe timene timasunga majiniwo. Koma soya ali ndi vuto lakelake lakuti majini ake ambiri ndi awiriawiri, kuphatikizapo NFR1 ndi NFR5, chifukwa kalekale chibadwa chake chonse chinadzibwereza, moti wofufuza akasintha jini limodzi, nthawi zina linzake limapitiriza ntchito ndipo kusintha sikuoneka.

aPhiri, Chipata

ABanda afotokoza bwino za Urea, koma ndisiyanitse pang'ono kuti wina asaleke fataleza yense. D Compound ali ndi magawo 10 a nayitrojeni, 20 a fosifeti ndi 10 a potashi, pamene Urea ali ndi magawo 46 a nayitrojeni yekhayekha. Chimene soya amafuna mu D Compound ndi fosiforasi amene Mayi Zulu atchula, ndipo nayitrojeni wochepa amene alimo amamuthandiza m'masabata oyamba timibulu tisanayambe ntchito. Wobereketsa ndiye wosafunika pa soya wokhala ndi timibulu tofiira. Dziko la Brazil, lomwe limakolola soya wochuluka kuposa lina lililonse, limadalira inokulanti m'malo mwa fataleza wa nayitrojeni, ndipo Mariangela Hungria wa bungwe la kafukufuku wa ulimi la kumeneko la Embrapa analandira mphotho ya World Food Prize mu 2025 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Za chimanga chotsatira, Bambo Tembo, musayembekezere zoposa muyeso. Njere ya soya ili ndi mapuloteni pafupifupi magawo 40 pa 100, choncho nayitrojeni wambiri amachoka m'munda pamodzi ndi matumba opita kumsika. Wotsala ali m'mizu, m'timibulu, m'masamba oyoyoka ndi m'mapesi, ndipo amene amazula soya ndi mizu yomwe, n'kukapunthira kunyumba, n'kutentha zotsalira, amachotsa ngakhale wochepayo. Kumweta ndi chikwakwa n'kubweza mapesi kumunda kuli bwino.

Ngati kopaletivu ikufuna kudzionera yokha, chaka chamawa mupatule malo pamunda umodzi umene sunalimidwepo soya, muwagawe panayi, ndipo mubzale Kafue wothira inokulanti, Kafue wosathira, mbewu inayo yothira, ndi inayo yosathira, zonse ndi D Compound wofanana. Zigawo zosathira zikhale kumtunda kuti madzi asazibweretsere mabakiteriya, ndipo muyambe kubzala zimenezo musanatsegule paketi, chifukwa ufa wotsalira m'manja ndi m'beseni ndi wokwanira kusokoneza zotsatira zake.